Sizasi Kumbuyo kwa Khutu

Sabata yatha tinamanga chiliza pamanda a apongozi anga aamuna, patatha chaka chiwaikire. Abusa analalikira, akwaya anaimba, achibale anakanganako pang'ono za kalembedwe ka dzina monga zimakhalira. Koma chimene chinandigwira mtima ndi amayi amene anabwera osaitanidwa. Analipo ambiri, ena ochokera m'maesiteti a fodya, ena oti sindinawaonepo. Anakhala kumbuyo pansi pa mtengo, aliyense ndi mwana wake, ena akumsana, ena aakulu ovala yunifolomu ya sukulu. Mayi wina anakankhira mtsikana wake kutsogolo kwanga n'kunena kuti, "Uyutu amamva chifukwa cha iwowa." Atatero anabwerera pamalo pake.

Dzina lawo sinditchula. Ndine mpongozi, pakamwa panga sipanazolowere. Pa Mitundu aliyense ankangoti a Telala, ngakhale kuti matelala pamsikapo ndi ochuluka ngati ogulitsa tomato. Ukanena kuti a Telala basi, anthu ankadziwa kuti ukunena aMbewe ogontha aja, osoka pakhonde la golosale yoyang'ana njira ya kuchipatala.

Tsiku lokandionetsa kwa iwo ndinachita zonse zimene anandilangiza kwathu ku Nathenje. Ndinagwada patali, cham'mbali, nkhope pansi, n'kupereka moni ndi timawu tating'ono. Kunali zii. Ndinabwereza. Zii. Mumtima ndinati basi, banja latha lisanayambe. Kenako ndinadzidzimuka ndi mawu aakulu, a munthu wosadziwa kukula kwa mawu ake omwe.

"Mayi, dzutsani nkhope! Ine makutu anga ali m'masomu. Mukayang'ana pansi ndiye kuti mukucheza ndi nyerere."

Anthu anafa nacho chiseko, ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Kuyang'ana apongozi aamuna m'maso, mwana wolangizidwa ngati ine! Koma panalibe njira ina. Ankawerenga milomo ya munthu, ndipo aliyense wofuna kulankhula nawo, kaya m'busa, kaya mpongozi, ankayenera kuima patsogolo pawo ndi kuwayang'ana. Ndinakhala nawo zaka zambiri ndikuchita chinthu chimene amayi anga anandiletsa, ndipo ndinawadziwa bwino kuposa mmene akazi anzanga amadziwira apongozi awo.

Anali ndi sizasi yaikulu yakuda, yolemera, imene sankabwereketsa munthu. Ntchito yake yoyamba inali kudula nsalu. Yachiwiri ndi imene inabweretsa amayi aja kumanda. Tsiku la sikelo, amayi akamadutsa ndi ana kumsana kupita kuchipatala, a Telala ankaimitsa makina n'kumukodola mayi. Ankamuuza kuti atembenuke, awapatse msana. Kenako ankanyamuka mwakachetechete, kusamala kuti mthunzi wawo usagwere mwanayo, n'kuliza sizasi kumbuyo kwa khutu lake. Khetye! Mwana wa makutu abwino ankatembenuka msanga, ena ankalira kumene. Akatero a Telala ankaseka n'kumuuza mayiyo kuti apite, mwana wake ndi wolemera. Mwana akapanda kutembenuka ankayesa khutu linalo, ndipo akaona kuti kulinso zii, nkhope yawo inkasintha. Ankanunkhiza khutu la mwanayo osachita nseru, n'kumuuza mayiyo kuti akafika kusikelo asangopimitsa kulemera kokha, akawaonetse anamwino khutulo. Pobwerera ankamudikira kuti amve zimene amuuza.

Zinafika poti amayi sankadikiranso kukodoledwa. Mayi ankangofika pakhondepo, kuchepetsa liwiro, kutembenuka n'kuwapatsa nkhalamba msana. Mlendo akaona ankadabwa kuti akazi a pa Mitundu ndi amwano chotani, kufulatira munthu wamkulu chonchi osapereka n'komwe moni.

Panali mawu awiri amene sankafuna kuwaona pamilomo ya munthu: mwana wofatsa. Ukayamikira mwana kuti ndi wofatsa iwo ali pompo, unkayamba mlandu. Ankati mwana wa zaka ziwiri alibe chifukwa chofatsira, ntchito yake ndi kusokosa, kugwetsa mbale ndi kuyankha asanafunsidwe. Akafatsa, muyang'aneni m'khutu. Ankanena zimenezi mokalipa, ndipo amayi ena ankachoka atakhumudwa, poti anabwera kudzasoketsa bulauzi osati kudzalalikiridwa.

Mkwiyowo unali ndi kochokera. Sanabadwe ogontha. Makolo awo anali matenanti pa esiteti ina ya fodya, ndipo iwo anakulira kumsana kwa amayi awo m'kakhitchini kodzaza utsi. Nyengo yozizira ikafika ankadwala chimfine, chimfinecho n'kulowa m'makutu. Ankalira masiku angapo, khutu n'kuphulika, mafinya n'kutuluka, ululu n'kutha. Akasiya kulira anthu ankati wachira. Amayi awo ankathiramo mafuta a nsatsi n'kutokosa ndi nthenga ya nkhuku, ndi mtima wonse wa chikondi. Chaka chotsatira chimodzimodzi. Mudzi wonse unkawatama kuti ndi mwana wofatsa, wosavutitsa amake. Atayamba sukulu dzina linasintha, anakhala mwana wamwano wosayankha akamaitanidwa, ndipo anakwapulidwa mpaka anaisiya. Utelala anausankha, ankatero iwo, chifukwa makina osokera sadikira kuti uwayankhe.

Ali kale bambo wa ndevu, khutu likutulukabe mafinya, anakumana ndi namwino wina pachipatala cha mishoni. Namwinoyo anatenga kansalu koyera, anakapota ngati chingwe cha koloboyi, n'kukalowetsa pakhomo pa khutu kuti kamwe mafinya. Kakanyowa ankachotsa n'kuika kena, mpaka khutu linauma, ndipo m'pamene anadonthezamo mankhwala. Anawauza kuti zimenezi zikanachitika ali mwana, bwenzi akumva. A Telala ankafotokoza kuti atatuluka m'chipatalamo anakhala m'mbali mwa msewu masana onse osadziwa kolowera. Kansalu! Chinthu chimene iwo ankasesa pansi pa makina tsiku ndi tsiku n'kukataya kudzala.

Kuyambira pamenepo kachidutswa kalikonse ka nsalu yoyera ya thonje sikanatayidwenso. Wosoketsa malaya a sukulu kapena yunifolomu ya chigwirizano cha amayi ankadziwa kuti zotsala sabwerera nazo kunyumba. Loweruka madzulo ankaziwiritsa mumphika wakewake, kuziyanika padzuwa, kuzisita ndi simbi ya makala, kenako kuzidula timizere n'kuzisunga m'chitini chotseka. Mayi wa mwana wotuluka mafinya ankapatsidwa kamtolo, koma osati asanaphunzire kupota. Ankamugwira zala mpaka adziwe. Malamulo awo anali ochepa ndipo sankasintha. M'khutu simulowa kamtengo, machesi kapena nthenga. Simuthiridwa mafuta, mkaka wa m'mawere kapena madzi a masamba. Mankhwala ndi a kuchipatala okha, ndipo amathiridwa khutu litauma, apo ayi amangoyandama pamafinya. Akumwa amamalizidwa ngakhale mwana ayambe kusewera. Posambitsa, madzi asalowe. Ndipo kumbuyo kwa khutu kukatupa, mayi asiye chilichonse, ngakhale ndiwo zili pamoto, athamange.

Musaganize kuti anali munthu wosavuta kukhala naye. Anayambana ndi mnyamata wogulitsa timabotolo ta mankhwala a m'khutu pamsika mpaka a komiti ya msika analowererapo. Anayambana ndi agogo ambiri omwetsa ana phala atawagoneka chagada. Mkangano waukulu unali wa iwo ndi akazi awo, anaPhiri, pankhani ya khitchini. Tsiku lina anaPhiri atapita kudimba, a Telala anatenga nyundo n'kuboola khoma la khitchini mbali ziwiri kuti utsi uzituluka. AnaPhiri pobwera anapeza nkhuku zikulowa ndi kutuluka pazibowozo. Anawaimirira patsogolo n'kuwalalatira bwinobwino, pang'onopang'ono, kuti liwu lililonse liwerengeke. A Telala anamvetsera ndi maso kwa kanthawi, ndipo atatopa anachita chimene ankachita nthawi zonse mkangano ukawakwana: anatsinzina. Munthu ungatani naye wogontha wotsinzina? AnaPhiri anatsala akulankhula ndi khoma, lobooka kale.

Tsopano ndinene za Limbani, mwana wanga woyamba, mdzukulu wawo. Makutu anayamba kumuvuta atangoyamba kuyenda. Chimfine chilichonse chinkathera m'khutu. Ankakoka khutu, thupi kutentha, kulira osatonthozeka. Tinkapita kuchipatala, ankamwa mankhwala, ankachira, pakapita miyezi ingapo zayambiranso. Agogo ake ankamuyesa ndi sizasi ndipo ankatembenuka, mwina mochedwerako. Nyengo yozizira ya chaka chimene ankakwanitsa zaka zitatu inabwera ndi mphepo yoipa. Bambo ake anali kutali, akuyendetsa thalakitala pa esiteti. Khutu lamanzere linaphulika, kulira kunatha, ndipo mwana uja anangoti phee. Amayi anga atamva pafoni anati zachipatala zakanika, ndibwere naye kumudzi, iwo analera ana asanu ndi mmodzi popanda wogontha. Ndinali nditatopa. Ndinatsanzika kwa anaPhiri, a Telala ali kumsika, n'kukwera galimoto ya ku Nathenje.

Kwathu anamulandira ndi manja awiri. Azakhali, anansi, onse ankamusisita mutu n'kumati, "Koma mwanayu wafatsa bwanji, watengera ndani?" Madzulo omwewo amayi anatenthetsa mafuta a nsatsi pasupuni, anafinyiramo madzi a masamba ena, n'kumuthira m'khutu. Anati m'mawa tibwerezanso.

Apa ndiyenera kufotokoza za njinga. A Telala anali atasiya kupalasa njinga pamsewu wa tala zaka zambiri m'mbuyomo, chichitikireni ngozi imene lole inawaponyera m'ngalande chifukwa sanamve hutala. Analonjeza akazi awo kuti sadzayesanso. Koma anaPhiri atawauza kumene ndapita ndi chimene ndapitira, m'mawa kutangoyera anatulutsa njinga ija. Anadzera msewu wafumbi wodutsa m'minda ndi m'maesiteti, ndipo chigawo chomaliza anapalasa pamsewu waukulu wa ku Dedza, pamene malole ndi mabasi amathamanga ngati akuthawa nkhondo, munthu wosamva chilichonse chobwera kumbuyo kwake.

Dzuwa litakwera, ine ndinali m'khitchini mwa amayi, Limbani ali pamiyendo panga, mutu nditaupendeketsa. Amayi anali atanyamula supuni. Pakhomo panada. Palibe odi, palibe moni. Munthu wamwamuna, mlendo, sewele wa eni nyumba, analowa m'khitchini mwa akazi, fumbi mpaka m'nsidze, buluku litang'ambika pabondo. Anatambasula dzanja n'kuphimba khutu la mwana, ndipo mafuta aja anathirikira kuseri kwa dzanja lawo. Amayi anataya supuni, anadziphimba kumaso ndi chitenje n'kuthawira panja akufuula. A Telala anamunyamula Limbani pamiyendo panga penipeni, zala zawo zikukhudza chitenje changa, chinthu choti apongozi aamuna sachita ngakhale nyumba ikupsa. Anatuluka naye pabwalo.

Achimwene anga a Devisoni, amene ndiwo eni mbumba kwathu, anabwera akuthamanga kuchokera kuchigafa. Anaima patsogolo pa nkhalambayo atakwiya.

"Mdala, mwasokonezeka mutu? Mwana uyu ndi wa mbumba ino. Inu munangobereka bambo wake, zanu zinathera pomwepo. Kuno mulibe mawu. Mwalowa bwanji m'khitchini mwa amayi anga?"

A Telala anawerenga zonsezo pamilomo n'kugwedeza mutu kuvomera. Kenako anatembenuka, anamukhazika Limbani pamphasa, anamupatsa chitsononkho kuti azisewera, n'kuyamba kumasula kathumba kamene anamangirira m'chiuno. Achimwene ataona kuti awafulatira anapsa mtima koposa. Anatukwana. Mawu amene ananena sindingawalembe. Anatukwana kugontha kwawo, utenanti wa makolo awo, mpaka amayi awo amene anali kumanda. Amayi a m'mudzi amene anasonkhana anagwira pakamwa. Ine ndinkalira. Munthu yekhayo amene sanatekeseke pabwalo lonselo anali wotukwanidwayo, amene anawerama modekha, akutulutsa sizasi yake.

Anazungulira kumbuyo kwa mwana. Khetye! kukhutu lamanzere. Limbani anapitiriza kukanda chitsononkho chake. Khetye! kukhutu lamanja. Osagwedezeka n'komwe. Anabwerezanso, pafupi kwambiri moti ndinaopa kuti amudula tsitsi. Palibe.

M'pamene anaweramuka n'kuyang'ana nkhope za anthu, mmodzimmodzi, mpaka anafika pa achimwene.

"Achimwene," anatero ndi mawu awo aakulu aja, "ndikuona pankhope za amayiwa kuti mwanditukwana, ndipo mwanditukwana kwambiri. Musadandaule, sindinamvepo ngakhale liwu limodzi. Ndakhala choncho moyo wanga wonse. Anthu amandinena kumbuyo ine n'kumawamwetulira. Mwana wanga woyamba analira ndili m'chipinda chomwecho, ine osadziwa. Mwanayu ndi wanu, sindikukana. Kuno ndilibe mawu. Ndangobwera kudzakuonetsani mmene adzakhalire akadzakula. Ndiyang'aneni bwino."

Atatero anakhala pansi, padothi, nkhalamba ya imvi pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa ana ake, n'kuika sizasi patsogolo pawo.

Achimwene anatola sizasi ija n'kuyesa okha. Anaitana, "Limbani! Iwe Limbani!" Mwana anali ndi chitsononkho chake. Anawomba m'manja mwamphamvu kumbuyo kwake, ndipo m'pamene Limbani anadzutsa mutu pang'onopang'ono n'kuyang'ana mbali ina, kosakhala kumene kunachokera phokoso. Achimwene anaika sizasi pansi ngati yawaotcha. Sanapepese ndi pakamwa, si anthu opepesa. Anangopita kukafuna njinga yamoto yoti itinyamule.

Amayi anga anabwera ndi madzi m'beseni kuti alendo asambe dzanja la mafuta lija. Anagwada patali monga mwa mwambo, nkhope pansi. Kenako anakumbukira, anadzutsa nkhope n'kuwayang'ana asewele awo m'maso koyamba chikwatiwire ine.

"Asewele, inetu ndimafuna kumuthandiza."

"Ndikudziwa, mayi," anayankha a Telala. "Amayi anganso ankafuna kundithandiza."

Kuchipatala chaching'ono anatitumiza ku chachikulu mutauni, kwa adokotala a makutu. A Telala anakana kutsala. Adokotalawo anali atavala chophimba pakamwa, ndipo ataona nkhalamba ikusuzumira nkhope yawo mosowa pogwira, anazindikira, anachivula n'kuyamba kulankhula moyang'anana nawo. Anatsuka khutu lamanzere ndi kamakina koyamwa, anapereka mankhwala odontheza, n'kunena kuti kachikopa ka m'kati kabooka koma mwa ana nthawi zambiri kamatsekeka kokha khutu likamakhala louma. Lamanja silinabooke, koma kuseri kwa kachikopako kunali kutadzaza madzi, n'chifukwa chake mwana ankamva ngati ali pansi pa dziwe. Anati tidikire miyezi ingapo. Madziwo akapanda kuuma, adzamugoneka tulo n'kumuika timapaipi m'makutu kuti mpweya uzilowa, ngakhale kuti odikira opaleshoni imeneyo ndi ambiri.

A Telala anafunsa kukula kwa timapaipito. Adokotala anaonetsa ndi zala, kanthu kochepa ngati kambewu ka mpunga. Nkhalamba inaseka n'kunena kuti m'masiku ake ikanavomera ngakhale paipi ya pamjigo. Sankadana ndi opaleshoni, ayi. Koma anafunsa ngati pali chimene tingachite kunyumba kuti mwana asafike pampeni, ndipo adokotala anafotokoza: khutu lizikhala louma, mankhwala asadumphidwe, mwana atalikirane ndi utsi wa nkhuni ndi wa fodya, azidya atakhala tsonga, akatemera onse akwane, ndipo thupi likatentha tisadikire kuti khutu liphulike. A Telala ankabwereza chilichonse ndi milomo yawo ngati mwana wa katekisimu.

Miyezi imene inatsatira, Limbani anakhala wa pakhonde. M'mawa ndisanakoleze moto agogo ake ankamutenga, kumukweza pahandulo ya njinga n'kuikankha wapansi mpaka kumsika. Ankakhala pansi pa tebulo la makina akusewera ndi zotsala za ulusi. Agogo ake ndiwo ankapukuta khutu ndi tinsalu tawo, ndiwo ankadontheza mankhwala, atamugoneka cham'mbali pamiyendo. Kunyumba anandimangira chisakasa chophikiramo chopanda makoma, ndipo ulendo uno anaPhiri sanalalate. Mnzawo wina wa bawo amene ankakonda kusutira fodya pakhondepo anamuthamangitsa, ubwenzi wa zaka zambiri n'kuzilala. Mafinya analeka. Koma m'mawa uliwonse sizasi inkalira kumbuyo kwa mutu wa mwana uja, ndipo m'mawa uliwonse mutuwo sunkatembenuka. Ndinkaona nkhalamba ikubweza sizasi patebulo, ikuponda makina mwamphamvu kuposa mmene nsaluyo inkafunira. Ine ndinali nditayamba kutaya mtima. Iwo ankati tidikire kutenthe.

Kunatentha. Linali tsiku la msika, fumbi lili kobo, ine ndikubweretsa chakudya cha masana. Ndili chapatali ndinaona a Telala akuwerama ndi sizasi monga mwa masiku onse. Khetye! Limbani anatembenuka msanga ngati walumidwa ndi nyerere, n'kuyang'ana agogo ake mokwiya chifukwa amudzidzimutsa. Nkhalamba inauma. Inayesa mbali inayo. Limbani anatembenukanso, mochedwerako pang'ono. A Telala anasiya diresi la mwini wake lili pakati pa msoko, anamunyamula mwana uja paphewa n'kuyamba kuzungulira naye msika wonse, kwa ogulitsa nsomba, kwa a kaunjika, kwa okonza njinga, akufuula kuti, "Wamva! Wamva!" misozi ikutsikira m'ndevu. Anthu anasiya malonda n'kumawayang'ana. Ine ndinakhala pansi pomwepo ndi mbale zanga.

Titabwerera kwa adokotala anapeza kuti madzi auma ndipo kachikopa katsekeka. Timapaipi sitinafunikenso. Khutu lamanzere silinabwerere mwakale kwenikweni, mpaka pano Limbani amakhala kutsogolo m'kalasi ndipo ukamuitanira kumanzere nthawi zina amachedwa. Makutu anamuvutanso kangapo nyengo zozizira zotsatira, koma tinkathamanga msanga, ndipo atakula pang'ono zinatheratu. Lero ndi mwana wolongolola kwambiri pasukulu yonse. Aphunzitsi ake atabwera kudzadandaula kuti sakhala chete, a Telala anawagwira chanza ndi manja awiri n'kuwathokoza. Aphunzitsiwo anachoka akuganiza kuti nkhalambayo sinawawerenge bwino milomo.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mawu a Limbani sanawamvepo. Anamenyera nkhondo makutu a mwana amene liwu lake silinalowepo m'makutu mwawo. Mwanayo akamafotokoza nkhani zake zosatha, agogo ake ankaika chikhatho pachifuwa chake kuti amve kunjenjemera kwa mawuwo, n'kumagwedeza mutu. Ankandiuza kuti ali ndi mawu abwino, oyenda ngati makina othira mafuta. Ndinkavomera. Panalibe chifukwa chowauza kuti mwanayo amaimba ngati khwangwala.

Anamwalira nyengo yozizira ya chaka chatha, atadwala masiku ochepa. Mumphika wawo uja tinapezamo tinsalu towiritsa kale, tosayanika.

Dzulo ndinadutsa pakhonde paja. Makina anawatenga mwana wawo wamkulu, tebulo linapita kumudzi. Pasimenti patsala madontho anayi akuda pamene miyendo ya makina inkaponda, ndi malo osalala pamene chidendene chawo chinkakhuza. Pakhoma pali msomali umene ankakolekapo sizasi, ndi kachingwe kofiira kakulendewerabe. Mwini golosale waunjikapo makatoni opanda kanthu mbali imodzi, koma pakati pomwe ankakhala sanaikepo chilichonse.

Linali tsiku la sikelo. Ndili chiimire, kunabwera mayi wachitsikana amene sindikumudziwa, mwana ali kumsana. Atafika pakhondepo anachepetsa liwiro, anatembenuka n'kupereka msana, monga anaonera amake kapena akulu ake akuchitira. Anaima choncho kanthawi, akudikira. Kenako anacheuka, anaona makatoni ndi msomali, anakweza mwana wake n'kumangitsa chitenje. Njinga yamoto inadutsa pafupi ikuliza hutala, ndipo mwanayo sanagwedeze mutu. Mayi wogulitsa mandasi pambali anasuzumira kumsanako n'kumwetulira.

"Koma mwana wanu ndi wofatsa bwanji!"

Pakhonde panalibe woti akwiye.